Zikomo nonse amene munazula Benzi ya atsibweni m'matope

Loweruka lapitali tikuchokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima, titangopitirira pa Nkando, manambala a pa dashibodi anagudubuka onse pamodzi n'kuima pa 500,000. Ndinapatukira pambali n'kuzimitsa injini. Ine ndi mayi a kunyumba tinangokhala duu, maso ali kuphiri la Mulanje, nsonga yake ya Chambe ili mbee popanda ndi kamtambo komwe. Kenaka iwo anatsegula kabokosi ka kutsogolo, anatulutsa kope la malemu atsibweni n'kundipatsa cholembera. Ndinalemba tsiku, malo ndi makilomitawo, dzanja likunjenjemera. Mu Malichi 2023 galimoto imeneyi inali itakwiririka m'matope mpaka m'mawindo, ndipo ine mwiniwake ndinali nditaitaya kale mumtima.

Ndalemba kuti ndithokoze. Maina sinditchula chifukwa ambiri a inu simukonda kuimikidwa pagulu, koma aliyense adzizindikira yekha.

Kwa amene simuidziwa, ndi Mercedes-Benz 230E ya chaka cha 1991, mtundu umene odziwa za magalimoto amautcha W124. Inamangidwa pa fakitale ya ku East London ku South Africa. Atsibweni anaigula ku Johannesburg itayenda kale makilomita 190,000, ndipo mu 2003 anabwera nayo okha kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kudzalowera pa Mwanza. Tsiku limene inafika pamudzi ana anaithamangira kuchokera kumsewu waukulu, aliyense akufuna kukhudza kanyenyezi ka pa boneti. Atsibweni anali munthu wa dongosolo. Anagula kope la chikuto cholimba, ndipo chilichonse chimene chachitika pa galimoto ankalemba: oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, mapulagi, mabuleki, ngakhale babu. Atadwala mu 2011 anandiitana ine mphwawo n'kundipatsa makiyi pamodzi ndi kopelo. Anati makiyi akhoza kutayika n'kudulitsa ena, koma kopelo ndisalitaye. Inali pa 310,000.

Kuyambira pamenepo yakhala galimoto ya mudzi wonse, ine ndimangoisunga. Yanyamula akwati osawerengeka kupita nawo kutchalitchi. Yathamangitsa amayi oyembekezera pakati pa usiku kupita ku Mulanje Mission ndi ku chipatala cha pa Boma, ndipo mnyamata wina amene pano ali Fomu 1 anatsala pang'ono kubadwira pampando wakumbuyo. Yaperekeza maliro. Ana a kuno amaitcha Anganga.

Za namondwe wa Freddy palibe wa kuno ku Mulanje amene angafune kuuzidwa. Mvula ija inagwa usana ndi usiku osapumira, phiri likugunda, ndipo akuluakulu amene anaona napolo wa ku Phalombe wa mu 1991 ankati wabweranso. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Pamudzi pathu tinaika abale, ndipo ena mpaka lero sitinawaone. Ndikunena izi poyamba kuti wina asayese kuti ndikulira chitsulo pamene anzanga analira ana. Kamtsinje ka kuseri kwa nyumba yathu, kamene ana amadumpha popita kusukulu, kanasefukira usiku n'kugwetsa khitchini ndi chisakasa chimene galimoto inkagonamo. Tinathawira kusukulu ndi zovala za m'thupi. Mayi a kunyumba anangonyamula jumbo imodzi ya mapepala, mmene munali masatifiketi a ana, makadi a kuchipatala, ndi kope lija, limene mwamwayi ndinali nditalowa nalo m'nyumba sabata yomweyo. Mayi, zikomo yoyamba ndi yanu.

Galimoto inakhala m'matope masabata atatu. Panalibe amene ankaiganizira, ndipo sizikanatheka kutero. Ntchito ya maliro itachepa, m'mawa wina ndinangoona anyamata achidzukulu afika ndi makasu ndi mafosholo omwe aja anakumbira manda, matuza a m'manja asanapole. Sindinawaitane. Mmodzi anati, “Ankolo, galimoto iyi inanyamula mayi anga. Sitingaisiye iwolere apa.” Anakumba masiku awiri, kuchotsa mchenga, zipika ndi miyala, kenaka anaikoka ndi zingwe mpaka pamtunda. Ndinalibe chowapatsa koma phala limene tinkalandira kumsasa. Adzukulu inu, ndilibe mawu okwanira.

Tsiku lomwelo ndinatsala pang'ono kuipha ndi manja anga. Ndinabwereka batire kuti ndiyese kuiliza, ndione ngati ili moyo. Mwamwayi amakaniko athu a pa Chitakale anamva, ndipo anabwera pa kabaza akukuwa asanatsike n'komwe kuti ndisayerekeze kugwira kiyi. Anandifotokozera kuti madzi akalowa m'masilinda sapanikizika ngati mpweya, ndiye pisitoni ikawagunda, chitsulo choigwira chimapindika kapena kuthyoka, injini n'kuthera pomwepo. Anachotsa mapulagi onse anayi, anazungulitsa injini ndi sipanala pang'onopang'ono, ndipo m'mabowo awiri munatuluka madzi ofiira a dothi. Anathiramo oyilo n'kunena kuti tsopano tidikire ndalama, osati mwayi.

Akulu amenewa ndiwo ndikufuna ndikhalitse pa iwo. Anaphunzira ntchito pokonza mathirakitala ndi malole a m'minda ya tiyi, ndipo galaji yawo ndi mthunzi wa mtengo wa mango ndi kachisakasa ka malata. Alibe makina aja olumikiza ku galimoto kuti akuuze vuto. Amamvetsera ndi khutu, sikuludiraiva ataigunditsa pa injini. Galimoto yanga inakhala pamalo pawo miyezi 14 osandilipiritsa malo ngakhale tambala. Oyilo wa mu injini anamukhetsa katatu mpaka anasiya kuoneka ngati mkaka. Wa mu giyabokosi, poti ndi ya otomatiki, anali atasanduka phala lofiirira, ndipo anandiuza mosabisa kuti madzi amamatula timbale ta mkatimo, choncho tikhoza kuitsuka koma ikhoza kutifera patsogolo. Inatiferadi patatha miyezi iwiri ili pamsewu, ndipo anaimasula yonse pa chiguduli, kachitsulo kalikonse m'chitini chakechake. Pampu ya petulo, imene pa galimoto zimenezi imakhala pansi kufupi ndi matayala akumbuyo, inali itadzaza matope. Kapampu ka mpweya kotseka zitseko, kamene kamakhala pansi pa mpando wakumbuyo, kanali kataola. Thanki anaitsitsa n'kuitsuka. Mawaya anawatsata umodziumodzi, kupala dzimbiri polumikizira paliponse.

Chimene chinatipulumutsa n'chakuti injini ya 230E, imene amaitcha M102, imagawa petulo ndi chipangizo cha Bosch chotchedwa KE-Jetronic, chimene ntchito yake yaikulu chimagwira ndi mphamvu ya petulo yemweyo ndi mpweya wolowa, kakompyuta n'kumangowongolera pang'ono. Ikanakhala galimoto ya masiku ano yodzaza makompyuta pansi pa mipando, bwenzi pano nkhuku zikuikiramo mazira. Komabe mutu wogawa petulowo unali utagwira dzimbiri mkati, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalirira. Munthu wina wa m'tauni anandilonjeza wabwino, ndinamutumizira ndalama za nandolo wa chaka chonse, ndipo chimene chinafika chinali chakufa kuposa changa. Foni yake inasiya kupezeka. Ndamukhululukira, koma zinandiwawa. Ndisanapezenso mphamvu, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo sipeya iliyonse yochokera kunja inakwera ngati yamera mapiko.

Apa ndi pamene achibale ena anayamba kundilangiza kuti ndiigulitse kwa ogula zitsulo, ndigule kagalimoto kakang'ono ka ku Japan kosamwa mafuta. Sindikuwada, ankanena zoona zake. Nanenso usiku wina ndinavomera. Mayi a kunyumba ndiwo anakana. Anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo m'mawa mwake anapita kukatenga ngongole ku banki m'khonde m'dzina lawo. Amayi a gulu limenelo, amene ambiri ndi a Mvano anzawo, munadikira miyezi iwiri kupyola tsiku lobweza osatichititsa manyazi. Ndikudziwa kuti ndalama imeneyo inali ya mandasi, ya nthochi ndi ya chinanazi chogulitsa m'mbali mwa msewu. Zikomo amayi.

Alamu anga a ku Johannesburg, inu munataya masiku anu opuma kuyendayenda m'malo ophwasulira magalimoto akufa, foni ili m'manja kutionetsa chitsulo chilichonse kuti amakaniko avomereze. Munapeza mutu wogawa petulo, pampu, ndi kachipangizo ka magetsi kotchedwa rile, kokhala ndi fyuzi pamwamba, kamene kamakhala kuseri kwa batire. Kameneka ndikuchenjezeni nonse okhala ndi W124: kakafooka galimoto imavuta kulira m'mawa ndipo imazimazima, munthu n'kuyamba kugula zinthu zodula pamene vuto ndi kanthu kokwana m'dzanja. Adalaivala a basi amene munanyamula katunduyo pansi pa mpando wanu mpaka ku Blantyre, tinalipira msonkho wake bwinobwino, ndipo inu munakana kulandira kalikonse poti munakwerapo galimoto imeneyi pa ukwati wa mchemwali wanu. Ine ndinali nditaiwala, inu munakumbukira.

Atelala a mipando a ku Limbe anachita zodabwitsa. Kapeti ya galimoto zimenezi ili ndi siponji yokhuthala pansi pake imene imasunga madzi miyezi, ndipo fungo lake linali losapiririka. Anaichotsa yonse, anaichapa, inauma padzuwa masabata awiri, ndipo mipando anaimanganso pa masipuling'i ake omwewo. Awotcherera a pa Luchenza anadula dzimbiri pamalo oikapo jeke n'kuikapo chitsulo chatsopano.

Inalira tsiku lina Lachinayi mu Meyi 2024. Inakhosomola, inatulutsa utsi woyera wodzaza bwalo lonse, kenaka inakhazikika n'kumalira mwakachetechete monga kale. Anyamata a pagalaji anakuwa ngati kwagoletsedwa chigoli. Amakaniko sananene kanthu, anangokhala pa tayala n'kuvula chipewa. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inatuluka ulendo woyamba.

Pali ondifunsa kuti chokoma n'chiyani pa galimoto ya zaka zoposa 30 imene imayenda makilomita 9 kapena 10 okha pa lita. Funso limeneli linandikhudza kwambiri kumapeto kwa 2024, pamene tinkagona pa mizere ya mafuta, ndipo masabata ena inangokhala pakhomo ine n'kumayenda pa minibasi. Yankho langa ndi lakuti mudzakwere. Tidzanyamuke m'bandakucha kudzera ku Luchenza kukwera ku Thyolo, nthawi ya chiperoni, nkhungu itagona pa minda ya tiyi, otchola masamba akulowa m'mizere ndi madengu kumsana. Mudzamve mmene chitseko chimatsekekera, kuti phi, ngati cha bokosi lachitsulo losungiramo ndalama ku banki. Mudzaone waipa yake, imene ndi imodzi yokha koma imatambasuka ikamafika m'makona mpaka kupukuta pafupifupi galasi lonse. Pa mabampu ndi m'maenje simva kugunda, imangoti nyaa n'kudzuka, chifukwa tayala lililonse lakumbuyo limagwiridwa ndi mikono isanu. Odwala amene ndimapita nawo ku Malamulo ku Makwasa amagona tulo m'njira. Siithamanga ngati za anyamata, ndipo ine sindiipyoletsa 90. M'misewu ya fumbi ndimayenda ngati ndanyamula mazira poti ndi yaifupi, mwala umodzi ukhoza kuboola pansi pa injini.

Kuisamala kwake si matsenga. Oyilo ndi sefa yake pa nthawi, monga ankachitira atsibweni. Mu redieta musamathire madzi a pachitsime okhaokha, amadya injini mkati, muzisakaniza ndi mankhwala ake. Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo mapaipi a labala akalekale amauma n'kung'aluka, choncho muziwayang'ana musanamve fungo. Kaphokoso kachilendo musakazolowere. Ndipo pezani makaniko mmodzi, mukhale naye, muzimulipira ngakhale pang'onopang'ono koma mokhulupirika.

Chinthu chimodzi ndiulule kuti nambala ija ikhale yoona. Mu 2016 kagiya ka pulasitiki ka mkati mwa mita kanathyoka, vuto lodziwika pa mtundu umenewu, ndipo kwa miyezi isanu sinkawerenga. Ndiye kuti mtunda weniweni unapyola 500,000 kalekale. Ine ndawerenga zokhazo zimene maso aona, ndipo m'kope ndinalemba momwemo.

Amakaniko, mwana wanu wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa. Ndinakuuzani pamaso ndipo ndikubwereza pano kuti anthu akhale mboni: Anganga adzamunyamula kuchokera pakhomo panu mpaka kutchalitchi ndi kumadyerero, mafuta ndi anga, woyendetsa ndine, ndipo musayerekeze kutulutsa chikwama. Adzukulu aja, Loweruka likubwerali masana mubwere kunyumba, mayi akonza nsima ya nkhuku ndi thobwa, ndipo amene sanakwerepo tidzazungulira mpaka ku Likhubula.

Chatsala ndi chitseko chakumbuyo cha kumanzere, galasi lake silitsika chiyambire madzi aja, ndipo akwati adzafuna kubayibitsa anthu. Ngati wina akudziwa kumene kwagona W124 yakufa, kaya ku Ndirande, ku Zomba kapena kuseri kwa nyumba ya munthu, chonde ndiuzeni mwezi uno usanathe.