Smart TV kapena ka stick kakumbuyo kwa TV?

Anthu akumandifunsa kuti bola kugula smart TV kapena kungogula ka stick kobaya kumbuyo kwa TV yakale ija kuti aziwonera za pa intaneti, ine ndimati ngati TV yanu ili ndi pobayira pa HDMI musataye ndalama zanu, ka Fire TV Stick kapena Chromecast kakukwanirani ndipo kakayamba kuvuta mumangosintha komweko osati TV yonse.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi abale. Ma TV a Samsung ndi LG ali ndi chinthu chotchedwa ACR, chimazindikira zomwe zili pa sikirini, kaya ndi mpira wa pa DStv kaya filimu yochokera pa laputopu, kenako uthengawo umapita ku kampani kuti azikuonetsani ma advert. Mu 2017 kampani ya Vizio ku America inalipira $2.2 miliyoni chifukwa chotolera zoterezi pa ma TV 11 miliyoni eni ake osadziwa. Pa LG zimitsani Live Plus, pa Samsung ndi Viewing Information Services, zonse zili mu settings. Ka stick nakonso kamatolera zake, musaiwale kuyang'ana mu settings zake.

Timabokosi ta Android tolumikiza ku TV topanda dzina totchipa tija timapezeka ku Limbe, FBI, bungwe lofufuza milandu ku America, inachenjeza mu 2025 kuti tina ta mtunduwu timabwera ndi vairasi kale, ndiye chonde musalowetsemo password ya Gmail yanu.

Za bando ya intaneti nazo, Netflix pa HD imatha kudya mpaka 3GB pa ola limodzi lokha, tsitsani quality musanayambe kuonera.