Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ndowa ya theka

Gawo lathali ndinalekezera pamene ndinamaliza mankhwala a TB a miyezi 6, makhololo n'kupezeka opanda tizilombo. Mumtima ndinati basi, ndibwerera ku Makawa kukawamba utaka ndi mlamba monga kale. Koma kubanika sikunathe. Atandijambula pachifuwa, adokotala anati matendawo anasiya zipsera m'mapapo, zosachoka, ndipo utsi umene ndinaupuma zaka zonsezo powamba nsomba unangowonjezera. Geni inathera pomwepo.

Ana anga onse awiri ali ku Joni, monga ana ambiri a kuno ku Mangochi. Ndalama amatumiza, sindidandaula. Koma ndalama sipita kumjigo.

Madzi ndiye nkhani. Chigubu cha malita 20 ndinkachisenza ndikucheza, lero ndimatunga theka la ndowa, ndipo ndisanafike pakhomo ndimaima pamtengo wa mango, manja pamaondo, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono milomo nditaisongola ngati ndikuuzira phala. Anandiphunzitsa ndi anamwino, ndipo zimathandizadi. Odutsa ena amati ndi ulesi. Ena mpaka pano amakokera ana awo kutali ndikatsokomola, chonsecho zipsera sizipatsirana. Kufotokozera aliyense kumafunanso mpweya, ndiye ndimangowasiya.

Kuphika ndinasamutsira panja. Nkhuni ndinasiya, ndimagula makala, mbaula n'kuiyika koti mphepo izikankhira utsi kutali ndi ine. Nsima ndimaphika kamodzi, masana, chifukwa kuvundula kumanditha. Yotsala ndiyo ya madzulo. Posesa ndimayamba ndawaza madzi. Mwera ukayamba mu Juni, kuzizira kwa m'mawa kumandimanga pachifuwa. Okutobala ndiye woipitsitsa: kutentha, fumbi, ndi utsi wa anthu otentha zinyalala m'minda.

Mankhwala opopera a salbutamol, kabuluu kaja, ndimawamangirira kunsonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama. Ndimapopera kudzera m'botolo lapulasitiki loboola kumbuyo kuti mankhwala afike m'mapapo, asamathere pakhosi. Akatha kuchipatala ndimagula kufamase, ndipo mwezi umenewo ndiwo zimakhala masamba okhaokha.

Usiku ndimagona chokhala, msana kukhoma, foni ndi tochi pambali. Chitseko sindikhoma ndi mpiringidzo, ndimangotsekera ndi mpando. Mbala ndimaziopa, koma ndimaopa kwambiri kubanika m'nyumba yoti anthu alephere kulowamo. Mayi oyandikana nawo ndi Asilamu, amadzuka m'bandakucha kukaswali, ndiye tinapangana kuti mdzukulu wawo azigogoda pawindo. Amafuula kuti, "Anganga, mwadzuka?" Ndikayankha amathamanga. Tsiku lina ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinali kuchimbudzi, potuluka ndinapeza agogo ake afika kale, kabaza ataitanidwa, kuti anditengere ku Boma. Wakabazayo anakana kubwerera chimanjamanja, tinachita kusonkherana.

Gawo lotsatira ndidzakamba za mwana wanga wamkulu, amene akulimbikira zoti ndigulitse nyumbayi ndikakhale kwa mlongo wanga ku Namwera, kumene kumazizira kuposa kuno kunyanja.