Tatsegula chipinda chachiwiri cha magemu pa Ulongué

Abale athu a kuno ku Angónia, malo athu a magemu akula, tsopano ali ndi zipinda ziwiri. Tinayamba ndi PlayStation 2 imodzi ndi wailesi ya kanema yakale pakhonde la baraka ya achimwene, anyamata atakhalira makireti a zakumwa, timetikali tili m'manja, kudikira kumenya gemu ya mpira ya PES 6.

Panali chaka china chomwe tinatsala pang'ono kutseka. Tinatenga ngongole n'kuitanitsa ma PlayStation 4 kwa munthu wina wa mumzinda wa Tete, yemwe analumbira kuti ndi atsopano. Anali okonzedwakonzedwa. Fani imalira ngati chigayo, gemu ili mkati makina n'kuthima. Foni ya wogulitsayo sinkayankhidwanso, pomwe mwini ngongole sankaphonya tsiku. Akudzidziwa okha. Chinatiwombola ndi mbatata ya kachewere ya kumunda kwa amayi.

Makasitomala amakonda kundifunsa ngati magemu a lero atsika. Ine ndimati zithunzi zakongola, koma kukoma kwachepa. PES 6 ya 2006 unkangoika disiki, zonse zili momwemo, ndi Master League yomwe, ligi yoyendetsa timu yako. Lero gemu isanayambe imafuna intaneti kuti ikoke ma GB ambirimbiri, chikhalirecho mamega kuno timachita kugula. Kampani ya Konami itasintha PES kukhala eFootball mu 2021, gemuyo inatuluka ndi matimu 9 okha, nkhope za osewera zili zopindika, anthu dziko lonse anadandaula. Gemu ya mpira ya kampani ya EA, yomwe inasiya dzina la FIFA mu 2023 n'kukhala EA Sports FC, ndi yooneka bwino ndithu, sindikana. Koma mtima wake uli pa Ultimate Team, kugula mapaketi a osewera ndi ndalama zenizeni. Mwana wa ku Dómuè alibe khadi la ku banki la zimenezo. Iye akufuna mnzake pambali, padi yosewerera gemu m'manja, chigoli chikalowa akuwe mpaka a pamsika amve.

N'chifukwa chake zakale sitinataye. Chipinda choyamba muli PlayStation 2 ndi 3, magemu a ndewu a Tekken ndi Mortal Kombat alipo. M'chatsopanocho muli PlayStation 4 ndi 5, magemu tinakokeratu, simudikira.

Zikomo amayi chifukwa cha mbatata ija. Zikomo achimwene potipatsa khonde osalipiritsa, ndi mayi a kunyumba omwe anapirira miyezi ya ndiwo zamasamba zokhazokha. Sindingaiwale mnyamata wotikonzera mapadi, anzathu a njinga zamoto omwe amadzapumira kuno, ndi makolo omwe amatikhulupirira podziwa kuti mwana wovala yunifolomu salowa nthawi ya sukulu.

Magetsi akathima mabatire a sola amalandira, gemu yanu siiduka. Mutha kulipira pamanja, pa M-Pesa kapena pa e-Mola. Loweruka likubwerali kuli mpikisano wa PES 6 m'chipinda chakale, wopambana adzasewera ulere sabata yonse. Dzalembetseni msanga, malo ndi ochepa.