Khobidi la njovu ziwiri

Tulo takana, choncho ndadzuka kuti ndilembe za makobidi awiri amene ali patebulo panga. Onse ndi a 1957, a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, aja obowoka pakati okhala ndi njovu ziwiri zoimirira, koma wowaona sangavomere kuti anasulidwa chaka chimodzi.

Loyamba ndinalifukula mwezi watha m'dimba la makande kufupi ndi nyanja ya Malombe, ndipo linatuluka litadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Dothi la kumeneko limasunga madzi miyezi yambiri, mwini dimba amathiramo feteleza chaka ndi chaka, ndipo chinyezi chikakumana ndi mchere wa m'fetelezayo mkuwa umayamba zilonda zotulutsa ufa wobiriwira, zomwe zimapitirira kudya ndalama ngakhale itachoka m'nthaka. Njovu imodzi inatsala mutu wokha.

Lachiwiri ndi la lero. Makina anga ofufuzira zitsulo, amene amalira mwachisawawa pa katondo chifukwa cha chitsulo chochuluka m'dothilo, lero analira momveka bwino pamchenga, pansi pa mtengo wa mango cha kwa Mponda, ndipo nditakumba pang'ono ndinaona khobidi losalala, lovala khungu lobiriwira moderapo, zilembo zonse zikuwerengeka. Mchenga susunga madzi, ndiye mkuwa umachita dzimbiri pang'onopang'ono, ndipo dzimbirilo limasanduka chikopa chotchinjiriza ndalamayo.

Agogo eni malowo, amene anandiloleza kufufuza atatsimikiza kuti sindikusaka golide, analilandira ndi manja awiri n'kukhala chete kanthawi. Kenaka anandiuza kuti mayi awo ankatunga makobidi otere pachingwe n'kumanga m'chiuno popita kumsika wa ku Fort Johnston, dzina lakale la boma lathu lino la Mangochi, ndipo sankakayika kuti ili linagwa pachingwe chomwecho. Ndinasangalala nawo. Ndinapita kukatenga madzi panjinga, ndipo pobwerera ndinawapeza akulikwecha ndi ndimu ndi phulusa.

Ndinati, "Agogo, chonde lekani, mukuchotsa chimene chalisunga zaka zonsezi."

Iwo anayankha osadzutsa mutu kuti, "Mwana wanga, ndalama ya mayi anga sinali yobiriwira. Inkawala."

Ndinayesa kufotokoza kuti madzi a ndimu amasungunula khungu lija, kuti mizere ina ya njovu inali itasamukira m'khungu lomwelo, ndiponso kuti mkuwa wosendedwa chotero umayambanso kudyeka msanga. Anandimvetsera mwaulemu, dzanja likupitiriza ntchito yake. Atamaliza, khobidi linali lofiira ngati mphika watsopano, lodzaza timaenje, ndipo nambala yomaliza ya chaka inkangooneka mwa apo ndi apo. Anandipatsa kuti ndikalisunge ine, poti kwawo adzukulu angalitaye.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti sindikudziwa ngati ndili ndi chifukwa chokwiyira. Malo ndi awo, chikumbutso ndi chawo, ndipo makobidi amenewa anasulidwa ambirimbiri moti ngakhale losakwechedwa silikanagula thumba la ufa. Komabe mchenga uja unagwira ntchito yake mosamala kwa zaka zoposa 60, ndipo ndimu imodzi yafafaniza zonse m'mphindi zisanu. Mwina cholakwa n'changa, popeza ndikanafotokoza ndisanawapatse m'manja; ndili ndi chizolowezi choipa choganiza kuti aliyense amaona dzimbiri monga ndimalionera ine.

Ndalitsuka ndi madzi oyera kuti asidi wa ndimu achoke, ndaliumitsa, ndipo ndaliika kutali ndi la ku Malombe lija. Agogo anena kuti ndibwerenso Loweruka, chifukwa akukumbukira kuti kuseri kwa nkhokwe yakale kunatayikanso tiki, ndalama ya makobidi atatu, ndipo tiki ya nthawi imeneyo imatuluka m'dothi itafiira ngati njerwa. Mandimu ali nawo mtengo wathunthu pakhomo, ndipo sindinawayankhe ngati ndipita.