Mmene tinasiyira mafayilo a mapepala pachipatala chathu

Ndikuphunzira family medicine, udokotala woona munthu ndi banja lake pa matenda osiyanasiyana, pachipatala china chaching'ono muno mu Lusaka, ndipo tsopano odwala onse timawalemba mu SmartCare, pulogalamu ya pakompyuta ya Unduna wa Zaumoyo. Kale inkadziwika kwambiri ku ART, kwa anthu omwa ma ARV, koma kwathu yafika ku OPD (koonera odwala osagonekedwa), ku labu mpaka kotengera mankhwala.

Poyamba aliyense anapatsidwa dzina lolowera ndi pasiwedi yakeyake. Ya mnzanu musabwereke ngakhale mzere utafika panja, chifukwa zonse zolembedwazo zimagwera pa dzina la mwini wake.

Ntchito yaikulu ili polembetsa. Muno a Phiri, a Banda ndi a Tembo ndi osawerengeka, ndiye wodwala akafika timayamba tamufufuza ndi nambala ya NRC (chitupa cha unzika) ndi tsiku lobadwa tisanamutsegulire fayilo yatsopano. Mukafulumira, munthu mmodzi amakhala ndi mafayilo awiri: mbiri ya shuga uku, ya BP uko. Kwa ife oona munthu yemweyo chaka ndi chaka pamodzi ndi banja lake, pamenepo ndiye taluza zonse.

Akachoka apo, anesi amamupima BP, kutentha kwa thupi ndi sikelo, ndipo manambala amandipeza m'chipinda iye asanalowe. Kompyuta ndinaikankhira pambali pa tebulo kuti isaime pakati pa ine ndi wodwala. Agogo ena a BP ndinawatembenuzira sikirini: "Agogo, taonani, miyezi yapitayi inatsika, lero yakweranso. Mankhwala aja anatha liti?" Apo ndi pomwe anaulula kuti ankagawana mapilitsi ndi achemwali awo. M'fayilo yakale, yomwe nthawi zina inkasowa ku registry, kosungira mafayilo, sindikanaona msanga kukwerako. Madzulo aphunzitsi athu amatsegula zomwe talemba n'kutifunsa chifukwa chimene tasinthira mankhwala, osadikira kuti fayilo ibwere.

Malaiti ndiwo amatisokoneza. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ankathima maola ambiri, netiweki nayo n'kugwa. Choncho mafomu a mapepala timawasungabe m'dirowa. Zikathima timalemba pamanja, nambala ya wodwala pamwamba, ndipo zikayaka yemwe anaona wodwalayo ndi amene amalowetsa yekha asanaweruke. Zikagona mpaka mawa, odwala atsopano amakhala atadzaza kale pabenchi ndipo mapepala aja amangounjikana.