Ife timakonza makatiliji a turntable, mmene tinayambira ndi mmene timagwirira

Ntchito yathu ndi yokonza makatiliji a turntable, makina oyimbira zimbale, tija timabokosi timakhala kunsonga kwa mkono wa makinawo, momwe mumatuluka singano yoyenda pa chimbale. Anthu akamva amadabwa kuti kodi munthu angapeze chochita pa kanthu kochepa chonchi, koma amene ali ndi turntable yapamwamba amadziwa kuti katiliji ina imadula kuposa turntable yonseyo, ndiye singano ikatha kapena kandodo kamene kamaigwira kakathyoka palibe amene amafuna kungoitaya basi.

Ine ndinkakonza mawotchi, manja anga anazolowera tinthu ting'onoting'ono ndi kukhala duu pa maikulosikopu osapuma mwamphamvu. Mnzanga amene tili naye mu bizinesiyi ndi wa zamagetsi, amakonza ma amplifier akale, ndipo ndi iyeyo amene anayamba kundibweretsera makatiliji akufa omwe makasitomala ake ankamusiyira pomwe akubweretsa makina. Tinayamba kuwatsegula kuti tingoona mkati, kenako tinayamba kugula tinthu tosinthira, kenako anthu anayamba kuuzana okha. Tinagawana ntchito mosavuta, ine manja, iye mita ndi zoyezera, makutu tonse awiri.

Kuti mumvetse chifukwa chake ntchito ngati iyi ilipo muyenera kudziwa kuti makatiliji ambiri ali mitundu iwiri. Pali a MM, omwe kumapeto kwa kandodo kuli kamaginito kamene kamagwedezeka pafupi ndi makoyilo okhazikika, amenewa amatulutsa mphamvu yochuluka ndithu, ma millivolt 3 mpaka 5, ndipo singano yake mumangosolola nokha n'kulowetsa ina. Ndiye pali a MC, omwe koyilo ndi imene yamangidwa pa kandodo n'kumagwedezeka mkati mwa maginito okhazikika, ambiri mwa amenewa amatulutsa pang'ono zedi, 0.2 mpaka 0.5 millivolt, ndipo singano yake siichoka. Ikatha, mwina mubweze ku kampani akupatseni ina, apo ayi mupeze munthu woti aikonze. Makasitomala athu ambiri ndi a MC. A MM amabwera makamaka aja a Shure, poti Shure inasiya kupanga makatiliji mu 2018, koma ambiri a iwo timangowauza kuti kampani ya JICO ya ku Japan imapanga singano zolowa pa katiliji yawo ya Shure V15, agule aike okha, palibe chifukwa choti atilipire.

Katiliji ikafika sitiikhudza kaye ndi chida chilichonse. Timayeza makoyilo onse awiri kuona ngati ali moyo komanso ngati akufanana, timayang'ana dayamondi, yomwe ndi nsonga ya singano, pa maikulosikopu kuona ngati yaphwanthika m'mbali mwake momwe imakhudza khoma la mzere wa chimbale, ndipo ngati ikuyimbabe timaiyimbitsa n'kujambula mawu ake mu kompyuta. Kujambulako ndikofunika kwambiri, chifukwa ukangochotsa dayamondi yakale mawu aja apita, sudzawamvanso, ndipo khutu la munthu silisunga mawu nthawi yaitali ngati mmene anthu amaganizira.

Anthu amangoganiza za dayamondi, koma ine chomwe chimandidetsa nkhawa ndi kamphira. Kuseri kwa koyilo kuli kamphira kakang'ono ndi kawaya kokoka, ndi zimenezi zomwe zimagwira kandodo kuti kagwedezeke bwino n'kubwerera pakati. Mphira ikakalamba imauma kapena kufewa mopyola, katiliji imayamba kukhala pansi mimba yake n'kumakhudza chimbale, kapena kandodo kamapendekera mbali imodzi. Ukasintha kamphirako ndi kena kosafanana nako wasintha katiliji yonse, ngakhale dzina pa thupi lake likhale lomwelo. N'chifukwa chake ngati kamphira kali bwino ndipo kandodo n'kowongoka, ife timangochotsa dayamondi yakutha n'kumata yatsopano pa kandodo komweko, zina zonse osakhudza. Ndi ntchito yovuta kuposa kudula kandodo n'kulumikiza katsopano kokhala kale ndi dayamondi, koma katiliji imabwerera kwa mwiniwake ili yomweyo.

Apa ndi pomwe timasiyana maganizo ndi makasitomala ambiri tikamayamba kukambirana. Munthu wawerenga kuti kandodo ka boron n'kouma komanso kopepuka kuposa ka aluminiyamu, wawerenga za mitundu ya singano, za Shibata, za MicroRidge, za van den Hul ndi Fritz Gyger, ndiye akufuna zonse zapamwamba ziikidwe pa katiliji yake. Ndipo n'zoona, masingano amenewa ndi abwino. Shibata anaipanga Norio Shibata wa ku JVC kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chifukwa zimbale za CD-4, zija za masipika anayi, zinkafuna singano yotha kuwerenga mpaka pafupifupi 45 kHz, ndiye kaonekedwe kake kamakhudza khoma la mzere motalika kuchokera mmwamba kutsika pansi koma mopyapyala kutsogolo ndi kumbuyo. Pa nyimbo zomaliza za chimbale, pafupi ndi pepala lapakati pomwe mzere umayenda pang'onopang'ono ndipo mafunde ake ndi othinana, singano yotere imayimba mwaukhondo pomwe yozungulira imayamba kukanda, makamaka woyimba akamatchula s. Koma imafunanso kuti mkono uikidwe molondola kwambiri, ikapendeka pang'ono chabe phindu lonse latha, ndipo si aliyense ali ndi mkono wotha kusintha kutalika kapena kupendeka kwake.

Tengani Denon DL-103, katiliji yomwe imabwera kwa ife kuposa ina iliyonse. Inapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mogwirizana ndi NHK, bungwe loulutsa mawu la ku Japan, kuti izigwira ntchito pa wailesi, kandodo ka aluminiyamu, singano yozungulira, kulemera kwa pa chimbale magalamu 2.5, mphamvu 0.3 millivolt, ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Anthu amaikonda chifukwa cha mawu ake odzaza ndi olemera pakati. Ukaiika boron ndi MicroRidge imakhala katiliji ina, mawu a mmwamba amatuluka ambiri, tinthu tobisika timamveka, koma kulemera kuja kumachepa. Ena amasangalala nazo, ena amati mwandiphera katiliji yanga. Onse akunena zoona, ndiye ife tinaganiza kuti m'malo mokangana ndi munthu, amve yekha. Tili ndi ma DL-103 athu atatu pa ma headshell ofanana, tija timitu ta mkono tomangapo katiliji, imodzi mmene inachokera ku fakitale, ina yasinthidwa dayamondi yokha, ina boron ndi MicroRidge.

Kufananitsa makatiliji kuli ndi misampha yake, ndipo mnzangayu sanyengerera pa nkhani imeneyi. Turntable ikhale imodzi, mkono umodzi, phono stage (kachipangizo kokuza mphamvu ya katiliji isanafike ku amplifier) imodzi. Katiliji iliyonse iikidwe ndi protractor, choyezera chowongolera singano, ife timatsata ya Baerwald yomwe singano imawongoka ndendende pa 66 mm ndi pa 120.9 mm kuchokera pakati pa chimbale. Kulemera kuyezedwe pa sikelo, osati kudalira manambala a pa mkono. Chachikulu kuposa zonse ndi voliyumu. Makatiliji awiri satulutsa mphamvu yofanana, ndipo yomwe ikumveka mokweza pang'ono khutu limaiona ngati yabwino, ya bass yambiri, yamoyo. Ndiye timaika chimbale choyesera chokhala ndi mawu a 1 kHz, timayeza ndi mita, timafananitsa mpaka zilingane, kenako m'pamene munthu amamvetsera, osauzidwa kuti imene ikuyimba ndi iti. Mukachita choncho kusiyana kwambiri komwe anthu amalumbira kuti akumva kumazimiririka, koma komwe kwatsala kumakhala kwenikweni, ndipo ndi kumeneko komwe munthu ayenera kulipirira.

Chinanso chomwe timafunsa nthawi zonse ndi mkono womwe munthu ali nawo kunyumba. Kufewa kwa kamphira ndi kulemera kwa mkono zimapanga kugwedera kwake komwe kumayenera kukhala pakati pa 8 ndi 12 Hz, kukatsika kwambiri singano imadumpha pa chimbale chopindika kapena munthu akamayenda pafupi, kukakwera kumalowa mu bass ya nyimbo. DL-103 ndi Ortofon SPU zili ndi mphira yolimba, zimafuna mkono wolemera. Shure V15 ndi yofewa, imafuna wopepuka. Kangapo munthu watibweretsera katiliji akuti yafa, titayeza n'kupeza kuti ili bwinobwino, vuto ndi mkono womwe waiikapo, timamubwezera n'kumuuza choti asinthe.

Panabwera bambo ena achikulire ndi SPU yomwe inali ya malemu bambo awo. Ortofon ya ku Denmark inatulutsa SPU kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, stereo itangoyamba kumene, ndipo iyi inali yakale ndithu. Iwo anabwera atatsimikiza kuti akufuna singano yamakono yopyapyala. Ndinawafunsa kuti bambo, kodi mumayimba zimbale zanji, anati pafupifupi zonse ndi jazz ya mono ya m'ma 1950 yomwe anasiyiridwa pamodzi ndi katilijiyo. Zimbale za mono za nthawi imeneyo mzere wake unadulidwa moganizira singano yozungulira ya 1 mil (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi), yonenepa kuposa ya stereo, ndipo pa zimbale zoyimbidwa zaka zambiri singano yopyapyala nthawi zina imangotulutsa phokoso lambiri. Tinawayimbira chimbale chawo chomwe pa ma DL-103 athu aja osawauza kanthu, anasankha yozungulira kawiri konse. Tinawaikira dayamondi yozungulira pa kandodo kakale komweko, ndipo inali ntchito yotsika mtengo kuposa yomwe anabwerera. Ndikanawaikira yomwe ankafunayo tikanapeza ndalama zambiri, koma akanapita kunyumba ndi katiliji yosayimba ngati ya bambo awo.

Pali ntchito zomwe timakana. Koyilo ikaduka mkati, waya wake ndi wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo kuukulunganso kuti mbali ziwiri zilingane ndi luso lomwe ndikuliphunzirabe pa makatiliji athu, sindinayambe kuchita pa a anthu. Makatiliji ngati a Koetsu, aja anayambitsa Yoshiaki Sugano okhala ndi matupi a mtengo wa rosewood, a urushi (vanishi wa ku Japan) kapena a mwala, timangosintha dayamondi yokha, kandodo ndi kamphira sitikhudza, ndipo timamuuza mwiniwake mosabisa kuti ikakonzedwa ndi ife mtengo wake pogulitsa sudzafanana ndi yomwe sinatsegulidwepo. Madayamondi ndi timandodo sitipanga tokha, makampani opanga zimenezi ndi ochepa padziko lonse, monga Ogura ndi Orbray (yomwe kale inkatchedwa Namiki) a ku Japan, ndiye nthawi zina katundu amachedwa ndipo timapempha anthu adikire m'malo moti tiike chilichonse chomwe chili pafupi.

Ngati mukufuna kutitumizira yanu, ivekeni kachipewa kake ka singano, imangeni ndi masikulu pa headshell kapena mu kabokosi kake kuti isagubuduke, ndipo musayese kuwongola kandodo kopindika ndi zala chifukwa aluminiyamu ikapindika kawiri imathyoka. Mutilembere mkono womwe muli nawo, phono stage yanu, ndi zimbale zitatu zomwe mumayimba kwambiri, tikatero tidzakuyimbirani foni tikambirane tisanachotse kalikonse.