Banja la zaka 14, mphindi 20 kukhoti

Ndangochokera kukhoti komwe ndinaperekeza achemwali anga. Woweruza wafunsa za ana, wafunsa za nyumba, n'kusaina basi. Banja la zaka 14 latha m'mphindi zosakwana 20. Potuluka iwo angoti, "Koma ndiye njala yandipha," ndipo taseka mpaka misozi. Mphete anavula kalekale, pachala pangotsala kamzere koyererako.

Ndiye wina pagulu lathu la WhatsApp walemba kuti mabanja akutha kwambiri masiku ano chifukwa anthu sakupiriranso. Zandipsetsa mtima, kunena zoona. Ziwerengero za kusudzulana zimangotenga tsiku limene khoti lasaina chikalata. Banja la achemwali linatha zaka 5 zapitazo, pomwe anayamba kugona zipinda zosiyana n'kumatumizirana uthenga kudzera mwa ana. Ku Ireland kusudzulana kunaloledwa pambuyo pa voti ya 1995, ku Chile mu 2004, ku Malta mu 2011. Ndiye tinene kuti mabanja onse akumeneko ankakoma lamulo lisanabwere? Ku Philippines anthu ambiri alibe mwayi wosudzulana mwalamulo, komabe amasiyana mwakachetechete, osawerengedwa pa ziwerengero za kusudzulana.

Sikuti ndikusangalala ayi. M'galimoto pobwerera, mwana wawo wamng'ono wandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti, "Kodi ababa akadali ababa anga?" Ndamuuza kuti inde, mpaka kalekale. Wangogwedeza mutu n'kuyang'ana panja, ndipo tonse takhala chete mpaka kufika.